Zidole ndi Nyimbo za a Wilkins Makwinja

A Wilkins Makwinja anafika ku Lilongwe kuchokera ku Phalombe likulu likumangidwabe, nthawi imene mnyamata wa kummwera ankatsika basi ndi kachikwama m'manja n'kupeza ganyu yonyamula njerwa tsiku lomwelo. Pa njerwapo sanakhalitse. Anali munthu wochepa thupi, wa miyendo ngati ya kakowa, koma chimene chinawachotsetsa ntchito si kufooka ayi. Ankatha kutengera mawu a munthu aliyense akangomumva kamodzi. Tsiku lina anabisala kuseri kwa mulu wa mchenga n'kufuula ndi mawu a kapitawo kuti nthawi yoweruka yakwana, anthu onse n'kutaya mafosholo dzuwa lili paliwombo. Kapitawoyo sanaseke nawo.

Atachoka pamenepo anapeza ntchito yosamalira maluwa pa nyumba ina ku Area 47, n'kuitanitsa akazi awo, a Rozina, kudzakhala nawo ku Kawale m'kanyumba ka zipinda ziwiri. Kumeneko kunabadwa ana awo awiri, Chisankho kenako Dyna. Khomo loyandikana nalo linali la Che Yakubu, telala wochokera ku Mangochi, amene ankapalasa makina awo pakhonde kuyambira m'mawa, n'kumangodukiza pa nthawi ya swala, mapemphero awo a Chisilamu.

Dyna ali wamng'ono anadwala chikuku, n'kukaniratu chakudya. Mayi ake anayesa kunyengerera, anayesa kuopseza, mwana anangotseka pakamwa. A Wilkins anavala sokosi yakale kudzanja n'kuisuzumiritsa kuseri kwa chitseko. Sokosiyo inalankhula ndi mawu a mbuzi, milomo ya a Wilkins ili phee. "Phala limenelo ngati sakulifuna, ndipatseni ine." Dyna anayang'ana sokosi, anayang'ana bambo ake, kenako anakokera mbale pamiyendo n'kuyamba kudya mofulumira kuti mbuzi ingamulande.

Che Yakubu anaona zonsezi ataima pakhomo, atabwera kudzazonda mwana. "Achimwene, sokosi imeneyo ikunyozetsa mawu abwino," anatero. Sipanapite nthawi, anabwera ndi mbuzi yosoka ndi zigamba za suti ya munthu wina, ya ndevu za khonje ndi maso a mabatani a jekete. Anaitcha Tonde. Pambuyo pake kunabwera Kondakitala wa chipewa chopindika, ndi Ng'ona yobiriwira yopanda dzino ndi limodzi lomwe, imene inkadandaula kuti nsomba zimaiseka. Mphuno yofiira a Wilkins anadzidulira okha ku mpira wa labala, ndipo ndi mphunoyo imene inawapatsa dzina limene mzinda unawadziwa nalo: Ankolo Mphuno.

Mayi wa pa nyumba ya ku Area 47 ija anawapeza tsiku lina akukangana ndi Tonde kuseri kwa mpanda, madzi othirira maluwa akungotayika. M'malo mowakalipira, anawauza kuti adzasewere pa phwando la tsiku lobadwa la mwana wake. Pa phwandopo panali azimayi ena amene nawonso anali ndi ana. Chaka chisanathe, a Wilkins anabweza khasu ndi chodulira maluwa.

"Bambo a Chisankho, mwasiya ntchito ya pamwezi chifukwa cha zigamba?" anafunsa a Rozina.

"Si zigamba zimenezi, mayi. Ndi antchito anga. Sadwala, sapempha tchuthi."

"Nanga ana athu adzadya nthabwala?"

Ana anadya, anavala, anapita kusukulu. Kwa zaka pafupifupi makumi atatu a Wilkins anazungulira Lilongwe pa njinga yakuda, bokosi la malata atalimanga kumbuyo. Loweruka anali ku mapwando a anthu olemera. Pakati pa sabata anali ku masukulu a pulayimale a ku Biwi ndi ku Area 23, kapena ku sikelo, kumene anamwino ankawaitana kuti makanda asiye kulira poyembekeza jakisoni. Sankaimirira pamaso pa ana. Ankagwada kapena kukhala pa bokosi lawo kuti nkhope zifanane kutalika. Tonde ankawerenga molakwitsa dala, akafika pa zisanu n'kulumphira pa zisanu ndi zitatu, ana n'kumakuwa mpaka mawu kusasa pomukonza. Kondakitala ankalipiritsa nkhuku ndi mapazi a anthu. Mwana wamanyazi wokhala kumapeto ndi amene Ng'ona inkamusankha kuti aiyang'ane m'kamwa ngati dzino lamera.

Kenako kunabwera zaka zija za matenda, pamene maliro ankatuluka mzere uliwonse wa nyumba za ku Kawale. A Wilkins anayamba kuitanidwa kumalo osamalira ana amasiye ndi ku chipinda cha ana odwala kuchipatala. Ana a kumeneko ankaseka pang'onopang'ono, ena n'kumatsokomola pakati pa kuseka. Akabwererako ulendo wina, mabedi ena anali ndi nkhope zatsopano, ndipo anaphunzira kusafunsa. Chisankho, amene anali atayamba kuyendetsa minibasi, anaonda, anagona, anamwalira asanakwatire. Sabata yomweyo ya maliro panali phwando limene a Wilkins anali atalonjeza kale. Anavala mphuno yawo n'kupita. Atabwerako anapeza a Rozina atakhala pamphasa pamene panagona bokosi la mwana wawo.

"Mwawaseketsa?" anafunsa a Rozina osakweza maso.

"Aseka."

Kuyambira tsiku limenelo a Rozina sanakhudzenso zidolezo, ngakhale kuzichapa monga ankachitira kale. Anakhala limodzi zaka zina zingapo, mwamtendere koma mopanda nkhani zambiri, mpaka a Rozina anagwa ali pa mpope wa madzi, n'kumwalira asanafike kuchipatala.

Ntchito nayo inali itayamba kuzilala. Ku mapwando kunabwera zinyumba zopopa mpweya zodumphamo ana, ndi anyamata a zokuzira mawu zikuluzikulu. Ana a ku Area 47 anali ndi makatuni m'mafoni a makolo awo. Pa phwando lina kamtsikana kovala diresi loyera kanadzigwira mphuno Tonde atakayandikira. "Chidole chanu chikununkha," kanatero. Sikananame. Tonde anali atamwa thukuta la dzanja limodzi kwa zaka zambiri. A Wilkins anamaliza sewero lawo pamaso pa mipando yopanda anthu, ana onse ali kodumpha.

Dyna anali atakwatiwa ku Mgona. A Wilkins anasiya nyumba ya ku Kawale n'kukapeza chipinda chimodzi ku Chinsapo. Kumeneko panalibe wowaitana, koma ana analipo ochuluka, osavala nsapato, opanda kopita. Lamlungu lililonse masana ankatulutsa bokosi pansi pa mtengo wa mango wa panjira n'kuwasewerera kwaulere. Anthu a m'deralo sankawadziwa bwino. Ankangoona mkulu wokhala yekha, wopanda mkazi, wochokera kutali, amene ana ankamutsatira ngati anapiye.

Chaka china m'nyengo yotentha, mtsikana wa pa nyumba yachitatu kuchokera kwa a Wilkins anadwala mutu ndi malungo, n'kumwalira mwadzidzidzi. Anali mmodzi wa ana a pansi pa mango paja. Makolo ake anaitana mneneri wina amene ankapempheretsa anthu m'chisakasa cha mapepala apulasitiki. Mneneriyo anasonkhanitsa ana a m'deralo m'nyumba, anatseka chitseko, n'kuyamba kuwafunsa kuti amawaphunzitsa ufiti ndani. Ana anakana. Ena anakwapulidwa. Mmodzi ananena kuti zidole za Ankolo zimalankhula zokha. Wina, pofuna kuti mkwapulo uleke, anawonjezera kuti mbuzi ija imawakweza pa lichero kupita nawo kumanda.

Anthu anafika m'mawa, a Wilkins akutsuka m'kamwa panja. Anali ambiri, amuna ndi akazi, ena ana ali kumbuyo. Anyamata awiri analowa m'nyumba n'kutulutsa bokosi la malata.

"Madala, tiuzeni chimene chili m'zinthu zanuzi," anatero bambo wa mtsikana womwalirayo. Maso ake anali otupa.

"Muli thonje ndi zigamba, bambo. Pepani kwambiri ndi mwana wanu. Ndinkamudziwa, ankakonda kukhala kutsogolo."

"Mwamva? Akuti ankamudziwa!"

A Wilkins anaganiza kuti akawaonetsa mmene zimachitikira, nkhani itha. Anapempha Tonde, anamuvala kudzanja lamanja. "Taonani bwinobwino. Wolankhula ndine. Yang'anani pakhosi pangapa." Koma dzanja ndi khosi zinachita zimene zinazolowera. Tonde anatembenuza mutu, anayang'ana khamulo, n'kunena ndi mawu ake a mbuzi kuti, "Mwadzuka bwanji nonse?" milomo ya mwini wake osagwedezeka. Mayi wina anakuwa n'kugwa pansi. Mwala woyamba unapeza a Wilkins pa phewa.

Anawagwetsa. Wina anaponda mkono wawo, wina anatenga njerwa n'kuphwanya dzanja limene linali m'chidolemo, kawiri kapena katatu. Bokosi analithira parafini n'kuliyatsa pamsewu. Pakati pa oponya miyala panali bambo wina wa ndevu amene a Wilkins anamuzindikira, chifukwa ali mwana ku Biwi anayang'anapo m'kamwa mwa Ng'ona. Apolisi anafika anthu akufunafuna tayala loti awawotchere. Anatenga a Wilkins n'kuwasunga kuti asaphedwe, kenako anawatulutsa popanda mlandu uliwonse. Womangidwa panalibe. Mwini nyumba anali atazula kale chitseko cha chipinda chawo.

Dyna anawatengera ku Mgona, n'kuwapatsa kachipinda ka kuseri kumene ankasungiramo mabelo a kaunjika amene ankagulitsa ku msika wa ku Area 25. Dzanja linapola litapindika, zala zitatu zitauma ngati mizu. Che Yakubu, amene maso anali atayamba kuwavuta, anakwera maminibasi awiri kudzawaona, atanyamula kanthu m'jumbo. Anali Tonde watsopano, wosoka mokhotakhota.

"Che Yakubu, bwererani naye," anatero a Wilkins.

"Dzanja lamanzere lilipo, achimwene."

"Lilipo. Koma m'nyumba ya mwana wanga simulowa chinthu chimenecho."

Che Yakubu anakhala kanthawi, anamwa tiyi, anapinda jumbo lawo n'kubwerera nalo.

Ku Mgona a Wilkins anadziwika ngati nkhalamba yankhanza. Mwana akayandikira khonde lawo kutola mpira, ankamuthamangitsa ndi ndodo. Adzukulu awo enieni sankawanyamula pagulu. Tsiku lonse ankakhala pa mpando wa ndalema kuyang'ana khoma la bafa la aneba, ndipo pankatha masiku osamva mawu awo kupatula poyankha moni.

Mvula ya chaka chachiwiri inadzaza ngalande za ku Mgona, ndipo madzi anakokolola kamwana kamene kanali katangoyamba kuyenda. Anakapeza kumunsi, katakodwa m'mabango. Maliro anali pafupi, moti a Wilkins ankamva nyimbo ali pampando pawo. Azimayi ankayimba nyimbo zomwe zija za m'buku, za munthu amene wamaliza ulendo wautali n'kutula katundu wake. Zinawanyansa. Kamwanako kanali kasanayende ulendo uliwonse. Podutsa pa nyumbayo mawa lake anaona tinsapato tiwiri tapulasitiki tili pakhomo, palibe wotichotsa.

Patapita masiku, a Eneless, mayi wa nyumba yoyandikana amene ankatsogolera kwaya ya azimayi ku tchalitchi cha m'deralo, anali kuchapa kuseri pamene anamva munthu akuyimba chapansipansi kuseri kwa mpanda wa udzu:

Nsapato zako zili pakhomo,
ina yagona, ina yaima.
Ndani azilowetse mvula isanagwe?
Amako akuti zisiyeni pomwepo.

Nyimboyo inali yophweka ngati ya masewera a ana, yoti munthu n'kuigwira pakumva kamodzi. A Eneless anasiya chochapa m'beseni n'kusuzumira pa mpanda.

"Agogo, nyimbo imeneyo ndi ya mpingo uti?"

"Si ya mpingo."

"Nanga mwaitenga kuti?"

"Yangobwera. Pitirizani kuchapa, mayi."

A Eneless sanali munthu wobwezeka msanga. Anabweranso mawa lake, ndi mkuja, mpaka a Wilkins anavomera kuwaphunzitsa, iwo ali m'kati mwa chipinda, a Eneless ali panja pa chitseko chotsegula pang'ono. A Wilkins anawauza chinthu chimodzi: dzina lawo lisatchulidwe. Kwaya inakaiyimba pochotsa nsalu yakuda ya mayi wa kamwana kaja. Amuna amene anakhala patali pansi pa mtengo anasiya kucheza, ndipo mayiyo anapempha kuti aibwereze.

Umu ndi mmene a Wilkins anayambira kupeka nyimbo, tsitsi lonse litayera. Kulemba sankatha ndi dzanja lija, choncho ankazisunga m'mutu, n'kumazibwereza pomwa tiyi, posamba, poyenda kupita kuchigayo. Ankati mutu umene unkasunga mawu a zidole zitatu unali ndi malo ambiri opanda ntchito. Zina Dyna ankazijambula pa foni yake. Sizinali zonse za maliro. Panali ya mayi wogulitsa mandasi amene amaloweza nkhope za ana a sukulu, panali ya minibasi imene imanyamuka woyendetsa wake atatsala, imene Dyna atangoimva anakumbukira Chisankho n'kutuluka panja. Koma zimene anthu ankazifuna zinali za maliro a ana, ndipo ku Mgona maliro otere sasowa. Makwaya a ku Area 25 ndi ku Tsabango anazitenga. Ena ankasintha mawu, ena ankaika dzina la mwana wawo.

Che Yakubu atamwalira, a Wilkins anapita ku Kawale. Mwambo unali wa Chisilamu. Amuna ananyamula jeneza mofulumira, kulandizana mapewa, popanda nyimbo, ndipo a Wilkins anatsalira m'mbuyo ndi miyendo yawo yofooka. Anali atapeka nyimbo m'minibasi, ya munthu amene ankasoka zong'ambika za anthu onse pomwe kolala ya malaya ake inali yothetheka. Pobwera kumanda anakhala pakhonde lija, pambali pa makina ophimbidwa ndi chitenje, n'kuiyimba motsitsa mawu kamodzi kokha. Sanaiphunzitse munthu.

Mavuto anayambanso mwakachetechete. Anthu anayamba kudabwa kuti a Eneless amapeza kuti nyimbo yatsopano maliro akangochitika. Wina anawaona ataima pa chitseko cha nkhalamba ija. Wina anali ndi m'bale wake ku Chinsapo amene anamuuza za zidole zija. Dyna anazimva ku msika, kwa mayi wogulitsa naye pafupi, amene anamufunsa moseka ngati n'zoona kuti bambo ake amayamba kupeka nyimbo mwana asanadwale n'komwe.

Dyna anafika kunyumba asanagulitse theka la katundu wake. "Ababa, ndakugwirani mwendo, siyani. Ine ndili ndi ana pano. Akabwera ndi parafini sasankha chipinda."

A Wilkins anayang'ana dzanja lawo lopindika. "Ndamva, mwanawe."

A Eneless atamva, anakwiya. Lamlungu lotsatira anaimirira pa msonkhano wa azimayi n'kunena kuti nyimbo zonsezo amapeka ndi iwo, zimawabwerera akamachapa, ndipo kwa agogo aja amangopitako kukawapatsa ndiwo. Wofuna kunena za ufiti anene za iwo, pamaso pawo. Anali mayi wa mpingo wodziwika, ndipo mwamuna wawo anali mkulu wa mpingo. Mphekesera zinazizira. Kuyambira pamenepo nyimbo za a Wilkins zinakhala za a Eneless pakamwa pa anthu onse, ndipo kuphunzitsana kunasamukira kuseri kwa bafa, nthawi imene anthu ali ku msika.

"Ndakuberani, agogo," anatero a Eneless tsiku lina.

"Mwandibisa. Imbaninso mzere wachiwiriwo, mukuukweza kwambiri."

Anapitiriza choncho zaka zingapo. Kenako m'mawa wina Dyna anawapeza atagwa pakati pa bedi ndi khoma, pakamwa patapotokera mbali imodzi. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anabwerako amoyo, koma mawu anali atapita. Akafuna madzi ankatulutsa phokoso limene Dyna yekha ndiye ankalimva. Chodabwitsa n'chakuti kung'ung'udza ankatha. Ankagona chagada n'kumang'ung'udza kanyimbo kamodzi katsopano, kokwera pang'ono kumayambiriro n'kutsika kawiri, tsiku ndi tsiku, maso ali pa a Eneless akabwera kudzawaona.

A Eneless anazindikira kuti akufunika kuikapo mawu. Anayesa a mwana wopita kumwamba, a Wilkins anapukusa mutu. Anayesa a munthu wodwala wopempha machiritso, anapukusanso, misozi ikutsikira m'khutu. Anayesa a mvula, a kumudzi ku Phalombe, a mkazi amene anatsogola. Nthawi zina a Wilkins ankamenya bedi ndi dzanja lamanzere mokwiya, n'kuyambiranso kanyimboko pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa munthu wosamva. A Eneless ankatuluka m'chipindamo atatopa ngati achokera kumunda.

Anamwalira mwezi wa Okutobala, kunja kukutentha. Ndalama yopititsira maliro ku Phalombe panalibe, choncho anaikidwa ku Lilongwe konkuno. Anthu sanachuluke. Wolalikira, mnyamata amene anali atangofika kumene pa mpingowo, anafunsa Dyna kuti malemuwo ankagwira ntchito yanji, kuti anene mu mbiri yawo. Dyna anayang'ana anthu amene anakhala pabwalopo, aneba ake ndi ana awo. Anati ankasamalira maluwa ku Area 47, ndipo wolalikirayo ananena zomwezo.

Kanyimbo kotsiriza kaja a Eneless anakapititsa ku kwaya. Azimayi anakayeserera maulendo angapo, aliyense ndi mawu ake, osagwirizana. Ena ankati n'kachisoni, ena ankati kakumveka ngati kovinira. Nyengo ya Khirisimasi itayandikira anali ndi nyimbo zina zoti akonzekere, ndipo anakasiya.